Kupatsa madzi njira pakhomo mvula isanagwe

M'mwezi wa Okutobala kuno ku Simonga munthu saganiza za madzi oononga nyumba. Dzuwa limakhala likuswa mtengo, mchenga ukuotcha kumapazi, ndipo nkhani ya pa mjigo imakhala ya kuchepa kwa madzi. Koma akale anati walira mvula walira matope. Mvula imene tikuidikira kuti tibzale ndi yomweyo imene chaka ndi chaka imagwetsa zipupa za zidina, kugumula zimbudzi ndi kuoletsa chimanga m'nyumba zosungiramo. Nawonso madzi amene timawakoka pansi pa nthaka ndi ndalama zambiri, akaphonya njira yawo m'paipi, amagwira ntchito yomweyo yoononga, kungoti iwo amaigwira mwakachetechete chaka chonse.

Inu amene mukuphunzira tsopano, ndi inu amene munatsiriza kale maphunziro, mukudziwa kuyendetsa madzi m'munda. Mumayang'ana kumene malo atsetserekera, mumakumba maenje a gamphani kuti mvula ilowe pamene pali mbewu, ndipo simulola ngalande kudula munda pakati. Chodabwitsa n'chakuti mlimi yemweyo akafika pakhomo pake amaiwala nzeru yonseyi, ngati kuti madzi a pabwalo ali ndi khalidwe lina. Ayi ndithu. Madzi aliwonse ofika pakhomo, kaya ochokera kumwamba kaya a m'paipi, amafuna poyenda. Mukapanda kuwasankhira njira adzasankha okha, ndipo kawirikawiri amasankha maziko a nyumba yanu. Phunziro lino likukamba za kusankha njirayo nthawi ikalipo.

Denga ndi maziko

Tiyambe ndi kuwerengera, pakuti ambiri sakhulupirira kufikira ataona manambala. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya malata ya mamita 8 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi ili ndi denga la masikweya mita 48. Ikagwa mvula ya mamilimita 25, imene kuno imatha kugwa madzulo amodzi, dengalo limatsitsa malita 1,200. Zimenezo ndi zigubu 60 za malita 20. Dera lathu la Livingstone lili m'chigawo chouma cha dziko la Zambia, chimene chimalandira mvula yosakwana mamilimita 800 pa chaka, ndipo pafupifupi yonseyo imagwa pakati pa Novembala ndi Malichi. Ngakhale titawerengera mamilimita 600 okha, denga lomwelo limatsitsa malita 28,800 pa chaka. Ngati palibe chowalandira, madzi onsewo amagwera pa kamzere kopapatiza m'tsinde mwa chipupa.

Taonani chimene chimachitika pamzere pamenepo. Madontho ogwa kuchokera m'malata amakumba kangalande pansi, ndipo amathovukira ku chipupa n'kunyowetsa njerwa za m'munsi. Chidina chikanyowa chimafewa, ndipo chimene chafewacho ndicho chasenza kulemera kwa chipupa chonse ndi denga. N'chifukwa chake nyumba zogwa ndi mvula zimayambira pansi, osati pamwamba. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti zimapirira nthawi yaitali, koma nazonso zimamwa madzi monga mmene chingwe cha nyali chimakokera parafini. Mudzazindikira ndi zizindikiro izi: mzere wakuda wa chinyontho wofika m'mawondo, ufa woyera ngati mchere pa pulasitala, penti yotukumuka, ndi fungo la nkhungu m'chipinda chotseka. Pambuyo pa chinyontho pamabwera chiswe, pakuti chiswe chimakonda dothi lonyowa. Chimamanga njira zake m'chipupa mpaka kukafika ku mafelemu ndi ku mitengo ya denga.

Pali maganizo amene ndimawamva kawirikawiri, akuti kuno ndi kumchenga, madzi amalowa pansi msanga, choncho palibe choopa. N'zoona kuti mchenga wathu sugwira madzi pamwamba ngati dothi la makande. Koma mchenga ulibe chougwirizanitsa. Madzi othamanga amaukokolola mosavuta, ndipo madzi olowa pansi pa malo amodzi chaka ndi chaka amaukhazikitsa, kotero kuti ngodya imodzi ya maziko imatsika pang'ono pamene zinazo zili chikhalire. Mng'alu woyenda mopingasa kuchokera pa ngodya ya zenera kapena ya chitseko nthawi zambiri umabadwa motero. Kumata mng'alu wotere ndi simenti musanachotse madzi amene anaubala ndi kutaya simenti.

Mankhwala ake si odula. Loyamba ndi khonde lozungulira nyumba yonse, la masentimita 60 kapena kuposerapo m'lifupi, lopendekekera kunja. Likakhala la simenti ndi bwino. Likakhala la dothi lotsenderedwa ndi miyala kapena zidutswa za njerwa, limagwiranso ntchito malinga mukulikonza chaka chilichonse. Yesani kupendekeka kwake pothira ndowa ya madzi m'tsinde mwa chipupa: akathawira kunja, khonde lili bwino, akaima kapena kubwerera, lakanika ntchito. Kunja kwa khonde kukhale ngalande yosaya yotenga madzi kupita nawo ku mitengo ya zipatso kapena ku dimba. Amene mukumanga nyumba yatsopano, musalole mmisiri kudumpha pulasitiki yakuda imene imayalidwa pamwamba pa maziko asanayambe kuyala njerwa za chipupa, ndipo malata atuluke kunja kwa chipupa masentimita osachepera 45. Amene muli nayo kale pulasitikiyo, musaunjike dothi, manyowa kapena bedi la maluwa pa chipupa kufika pamwamba pake, chifukwa potero mwamangira chinyontho mlatho woolokera.

Choposa zonse ndi kuwagwira madziwo asanafike pansi. Gata wa m'mphepete mwa denga, wopendekeka pang'ono kulowera ku mgolo kapena ku thanki, amateteza maziko ndiponso amakupatsani madzi ochapira, omwetsa ziweto ndi othirira nazale. Madzi a mvula yoyamba muwataye kaye, pakuti amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame za miyezi isanu ndi iwiri. Koma chenjerani apa: mgolo wa malita 200 umadzaza mvula ija ya malita 1,200 isanafike n'pakati pomwe, ndipo malita 1,000 otsalawo amasefukira malo amodzi, pa ngodya ya nyumba. Gata wopanda njira ya madzi osefukira ndi woipa kuposa kukhala wopanda gata. Boolani mgolo chakumwamba, lowetsani paipi, ndipo muifikitse mamita atatu kapena kuposerapo kutali ndi chipupa.

Za denga lenilenilo sindichulutsa. Lowani m'nyumba masana dzuwa lili paliwombo, tsekani zitseko ndi mazenera, ndipo yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakuoneka kanyenyezi padzadontha. Msomali wa malata umakhomedwa pamsana pa lata, osati m'chigwa mmene mumayenda madzi, ndipo kamphira kake kakauma ndi dzuwa kamafunika kusintha. A denga la udzu aone pamutu pa denga ndi pamene udzu wapyapyala.

Thanki, mapaipi ndi mpopi

Ambiri a inu mukachoka pano mumalakalaka mjigo wa pampu ya sola, thanki pamwamba ndi mpopi pakhomo. N'chilakolako chabwino. Aliyense amene anatungapo madzi ku Zambezi, maso ali pa ng'ona ndi mvuu, amadziwa mtengo wake wa mpopi. Kumbukirani kuti kuyambira mu 2018 malamulo amafuna kuti mjigo ulembetsedwe ku bungwe la WARMA, ndiponso kuti wokumba akhale ndi chilolezo. Koma mjigo ukakumbidwa ndi kulembetsedwa, ntchito yotsala ndi ya inu nokha, ndipo siitha.

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 2,000 ikadzaza imalemera matani awiri, mofanana ndi matumba 40 a chimanga a makilogalamu 50. Palibe mlimi amene angasanjike matumba 40 pa nsanja ya mitengo yodyedwa ndi chiswe, komabe thanki timaiika potero mosaopa. Miyendo ya nsanja ikhale m'konkire, pansi pa thanki pakhale pathyathyathya popanda msomali kapena mwala wotuluka, ndipo nsanjayo isayandikane ndi chipinda chogona. Thanki yosefukira imadzikumbira yokha manda: madzi ogwa kuchokera pamwamba amakokolola mchenga pa miyendo ya nsanja kufikira tsiku lina imapendama. Valavu ya mpira woyandama imatseka madzi thanki ikadzaza, ndipo paipi ya madzi osefukira iwatengere ku dimba kapena ku chomwera ziweto. Chivundikiro chikhale chotseka nthawi zonse, chifukwa kuwala kumabala ndere ndipo mpata umalowetsa udzudzu, abuluzi ndi fumbi. Tsukani thanki kamodzi pa chaka.

Paipi yakuda ya pulasitiki ndiyo yofala pa mafamu athu, ndipo ndi yabwino, koma malo ake ndi pansi pa nthaka. Ikwirireni mozama masentimita 45 mpaka 60, ndipo pamene yadutsa njira ya ngolo muilowetse m'paipi ina yaikulu kapena muzamitse koposa. Paipi yongogonekedwa pamwamba imapondedwa ndi ng'ombe, imapsa ndi moto wolusa, imakumana ndi khasu, ndipo imafutukuka masana ndi kukhwinyata usiku mpaka polumikizira pamamasuka. Paipi yoyera ya PVC ikakhala padzuwa zaka zingapo imauma n'kumasweka ngati chikho. Yachitsulo imapirira dzuwa koma imadyedwa ndi dzimbiri m'kati, makamaka m'mazinga. Kuno tili ndi chifukwa china chokwirira mapaipi. Tili moyandikana ndi nkhalango ya Mosi-oa-Tunya, ndipo njovu zimadutsa m'dera lino. Njovu imanunkhiza madzi, ndipo m'chilimwe paipi yochucha kapena dziwe la pansi pa thanki zimaiitanira pakhomo. Ikafika siifunsa pamene pali mpopi.

Jambulani mapu a mapaipi anu tsiku lomwe mwawakwirira. Patapita zaka zitatu simudzakumbukira, ndipo mwana wanu polima sadzadziwa n'komwe.

Kudontha kwa m'nthaka kumadziulula kwa munthu watcheru. Mukaona udzu wobiriwira pa kamalo kamodzi mu Seputembala, kapena nyerere ndi njuchi zitasonkhana pa mchenga wozizira, kumbani pamenepo. Njira ina ndi iyi: madzulo tsekani mipopi yonse, zimitsani pampu, lembani ndi choko pamene madzi alekeza m'thanki, ndipo m'mawa muonenso munthu asanatunge. Amene mukukhala m'tauni ya Livingstone ndipo mumalandira madzi a Southern Water and Sanitation Company, chitani chimodzimodzi ndi mita: werengani usiku, werenganinso m'mawa. Manambala akayenda pamene aliyense anali m'tulo, paipi yanu ikuchucha penapake, ndipo madzi otayika kuseri kwa mita amalipiridwa ndi mwini nyumba.

Mpopi wodontha timaupeputsa chifukwa dontho ndi laling'ono. Uyeseni. Tcherani botolo la theka la lita. Likadzaza m'mphindi 30, mpopiwo ukutaya lita imodzi pa ola, malita 24 pa tsiku, ndi malita oposa 700 pa mwezi. Ndi migolo itatu ndi theka, yonse ikulowa pansi pa malo amodzi, ndipo mpopi wa panja kawirikawiri umakhala wokhomeredwa pa chipupa cha nyumba. Chimene chatha m'mpopi wotere nthawi zambiri ndi kamphira kozungulira ka m'kati, kogulidwa ndi ndalama yochepa m'sitolo iliyonse ya zomangira. Tsekani valavu yaikulu, tsegulani mpopi kuti madzi otsala atuluke, gwirani thupi la mpopi ndi sipanala imodzi pamene mukumasula mutu wake ndi ina, kuti musapotole paipi. Chotsani kamphira kakale, pitani nako kusitolo kuti mukagule kofanana, ikani katsopano, bwezerani mutu. Ngati madzi akutuluka polumikizira mpopi ndi paipi, masulani, pukutani mazinga, kulungani tepi yoyera maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi motsata mbali imene mpopi umazungulira pomanga, kenako mangani. Phunzitsani ana kutseka mpopi ndi zala, osati ndi mphamvu ya mkono wonse, pakuti kufinya ndiko kumadula kamphira.

Nanga malegeni? Sindiwanyoza. Chingwe cha chubu chakale chapulumutsa madimba ambiri tsiku la Sabata masitolo ali otseka. Koma ndi bandeji chabe. Lolemba likafika, dulani pobookapo ndi kuikapo cholumikizira choyenera. Chifukwa chake ndi chachikulu kuposa madzi otayika, ndipo ndicho ndikufuna tikhalepo pang'ono.

Paipi ikakhala yopanda madzi

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha nyengo imeneyo ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo mapampu a magetsi anali kuima nawo pamodzi. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa zinthu ziwiri zokhudza paipi yopanda madzi.

Choyamba ndinachiphunzira m'nyumba mwanga. Wina anatsegula mpopi wa m'khitchini madzulo, anapeza mulibe kanthu, n'kuchoka osatseka. Madzi anabwera pakati pa usiku. Pofika m'mawa anali atadutsa pansi pa chitseko kulowa m'chipinda chosungiramo, ndipo matumba awiri a chimanga amene anali pasimenti anali atamwa madzi kunsi. M'chaka cha njala! Madzi akatayika saoleka, ndipo kufunsa kuti anatsegula ndani sikunaumitse chimangacho. Kuyambira pamenepo lamulo la pakhomo pathu ndi lakuti madzi akasiya, valavu yaikulu imatsekedwa, ndipo aliyense, kuyambira agogo mpaka mwana wa giredi 3, amadziwa pamene ili ndi mbali imene imatsekera. Ngati pakhomo panu palibe valavu yotere pakati pa thanki ndi nyumba, imeneyo ndiyo yoyamba kugula. Matumba nawonso asagone pasimenti kapena kutsamira chipupa. Asanjikeni pa matabwa. Chimanga ndi mtedza zikagwira chinyontho zimachita chuku, ndipo chuku china chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene satha ndi kuphika ndipo amaononga chiwindi cha munthu ndi cha chiweto.

Chachiwiri n'choopsa kwambiri. Paipi ikakhala yodzaza, madzi amakankha kuchokera m'kati, ndipo pobooka pamatulutsa madzi kunja. Ikakhala yopanda kanthu, zinthu zimatembenuka: madzi otsala akamatsetsereka kubwerera kumunsi amakoka mpweya, ndipo pobooka pomwe paja pamayamwa chilichonse chimene chazungulira paipi. Ngati paipi yomangidwa ndi malegeni yadutsa m'matope a ku bafa, pafupi ndi khola kapena chimbudzi, zonyansazo zimalowa, ndipo pampu ikayambanso zimafika m'kapu. Mliri wa kolera umene unayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700, unachedwetsa kutsegulidwa kwa masukulu, ndipo unasandutsa bwalo la National Heroes Stadium kukhala malo ogonekamo odwala. Kolera imayenda m'madzi oipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu, ndipo siisankha tauni kapena mudzi. Choncho madzi oyamba kutuluka pambuyo pa kusiya musawamwe. Atchereni m'ndowa akathirire mitengo. Akumwa muwawiritse kapena muthiremo Clorin motsata muyeso wolembedwa pa botolo.

Madzi amene tagwiritsa kale ntchito

Banja limene lakoka mpopi limagwiritsa ntchito madzi ambiri kuposa pamene linali kusenza pamutu, ndipo onsewo ayenera kupita kwinakwake. Bafa lomangidwa mophatikiza ndi chipupa cha nyumba, lotayira madzi pomwepo, limanyowetsa maziko masiku onse a chaka ndipo limaweta udzudzu wa malungo pakhomo. Kumbani dzenje lomwetsa madzi, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kuzama, mamita osachepera atatu kuchokera ku chipupa. Dzazani miyala ikuluikulu pansi ndi yaing'ono pamwamba, phimbani ndi masaka akale ndi dothi, ndipo madzi afike ndi paipi. Madzi otsukira mbale ayambe adutsa m'kachidebe kokhala ndi udzu kuti mafuta ndi nyenyeswa za nsima zitsalemo, apo ayi dzenjelo litsekeka m'miyezi yochepa. M'madera ena amalangiza kubzala nthochi ndi mapapaya pamalo potere. Ndi nzeru yabwino, koma ine kuno sindiilimbikitsa pafupi ndi nyumba, pa chifukwa cha alendo aakulu aja ndawatchula. Madzi a ku bafa asathiridwe pa ndiwo zamasamba zodyedwa zosaphika.

Chimbudzi cha mumchenga ndi nkhani imene aliyense wa ife ali nayo mbiri. Dzenje losamangira m'kati limaima bwino m'chilimwe, koma mchenga ukanyowa umagumukira m'kati pamodzi ndi silabu, nthawi zina munthu ali momwemo. Kumbani dzenje lozungulira, pakuti ndi lolimba kuposa la ngodya zinayi, ndipo mulimangire ndi njerwa kuchokera pansi, kusiya timipata m'mizere ya m'munsi koma kumata kotheratu theka la mita la pamwamba. Silabu ikhale pamwamba pa nthaka yozungulira, denga likhalepo, ndipo chakumtunda kukhale ngalande yopatutsa madzi. Alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, ndipo chikhale chakumunsi kwake. Popeza mchenga umadutsitsa madzi msanga, amene ali ndi malo aonjezere pamenepo. Khola ndi dzenje la zinyalala zitsatenso muyeso womwewo. Pa mjigo penipeni, simenti yozungulira ikang'ambika imatsitsira madzi a matope m'dzenje lomwe mukumwamo, choncho imateni mng'alu ukangooneka.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Jambulani pakhomo panu pa pepala limodzi: nyumba, khitchini, bafa, chimbudzi, khola, thanki kapena chitsime, ndi mzere wa paipi iliyonse. Werengerani malita amene denga lanu lidzatsitse pa mvula ya mamilimita 25, ndipo lembani kumene adzapite. Yesani mpopi uliwonse ndi botolo, ndipo chitani mayeso a choko usiku umodzi. Kenako sungani pepalalo kufikira mvula yaikulu yoyamba. Ikamagwa, ziphaliwali zitapita, fundani thumba la pulasitiki, tengani timitengo m'manja, ndipo zungulirani pakhomo madzi akali kuyenda. Zikani kamtengo paliponse pamene aima, pamene akumba ndi pamene akhudza chipupa. Mawa lake lembani malo amenewo pa mapu anu ndi inki yofiira, ndipo mubwere nawo m'kalasi pamodzi ndi khasu, chifukwa tidzayambira pa ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu yosungiramo mbewu.